Mankhwala a khansa okutidwa m'timipira ta mafuta, ife tidzawaona liti?

Akonzi,

Ndipatseniko kamalo m'nyuzi yathuyi ndinene zimene zandikhala pamtima kwa nthawi ndithu. Ine ndine mphunzitsi wa bayoloje pa sekondale ina kuno ku Ntcheu, mbali yozizira ya ku Lizulu kuno, ndipo chandikankha kuti ndilembe ndi uthenga umene unazungulira pa gulupu ya WhatsApp ya kumpingo kwathu sabata yathayi. Wina anaponya kuti azungu atulukira mafuta ochiza khansa, pansi pake nambala ya foni ndi mtengo wa kabotolo, ati kumwa supuni imodzi m'mawa ina madzulo. Sipanapite mphindi zingati wina n'kuyankha kuti ayi samalani zimenezo ndi za nano, ndi timakina tija ankabaya anthu mu katemera wa Covid. Ndiye anthu n'kugawikana pawiri, ena kufunsa kuti ndalama atumize pa nambala iti, ena kuyamba kudzudzula ziwanda. Onsewa anaphonya, ndipo zinandiwawa chifukwa nkhani yeniyeni ya mafuta ndi mankhwala a khansa ilipo, ndi yoona, komanso ikutikhudza ife Amalawi kuposa mmene ambiri tikuganizira.

Ndiyambe ndi achimwene anga amene ndinawaponda pamutu. Iwo ndi mlimi wa kachewere ndi kabichi, munthu wamphamvu zake amene ankasenza thumba yekha kukweza mu lole. Zinayamba ngati timadontho takuda kuphazi, osayabwa osapweteka, kenako mwendo unayamba kutupa mpaka unauma gwa ngati chipika, nsapato kukana, jombo kukana. Kumudzi mukudziwa mmene timachitira, anthu anati anaponda mankhwala kumunda, wina wawatchera chifukwa cha malire, ndiye miyezi inapita tikuyenda kotemera mphini, mbuzi ziwiri zinapita. Titafika kuchipatala anadula kanyama pang'ono kukayeza, zotsatira zitabwera anati ndi Kaposi sarcoma, khansa ya pakhungu ija imene imakonda kugwira anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Anayamba ma ARV komanso kemo, mankhwala a khansa a pa dripi aja, ine ndiye gadiyani wawo, kukwera minibasi pa M1 kusanache kupita mtauni, kubwera usiku iwo atatsamira paphewa langa.

Mankhwala amene anayamba nawo anali awiri, vincristine ndi bleomycin. Kutupa kunabwererako ndithu koma dzanzi linawagwira m'manja ndi m'mapazi moti kumanga batani la shati kunali kulimbana, patapata kuvuka panjira iwo osamva kuti yavuka. Pambuyo pake anawasinthira ku paclitaxel, amene anathandiza kwambiri, koma nawonso amawonjezera dzanzi lomwelo, tsitsi lonse linathothoka. Tsiku lina ndili pa benchi panja pa wodi, dokotala wina wachinyamata amene ankatikomera mtima anandiuza kuti aphunzitsi, kunja kuli mankhwala ena ofiira okutidwa m'mafuta amene munthu wa dzanzi ngati achimwene anuwa akanamuyenera, koma muno tilibe. Mawu amenewo anandikhala. Kuyambira tsiku limenelo bandulo yanga yambiri yathera powerenga za mankhwala amenewa, ndiye ndiloleni ndifotokoze mmene ndimafotokozera ana a Fomu 4, kuti amene ali pa gulupu paja nawonso amve.

Mankhwala ofiirawo dzina lake doxorubicin. Ndi akalekale, anachokera ku kachirombo ka m'dothi la ku Italy, ndipo ndi amphamvu zedi pa khansa zambiri. Ofiira ndithu ngati juwisi, moti munthu akalandira mkodzo umafiira kwa tsiku limodzi kapena awiri. Vuto lake ndi lakuti akalowa m'magazi sasankha, amapita paliponse, m'tsitsi, m'kamwa, m'mafupa mmene mumapangidwa magazi, ndipo choopsa kwambiri amawononga mnofu wa mtima. N'chifukwa chake madokotala amawerengetsa mlingo wonse umene munthu walandira pa moyo wake, ukafika penapake amasiya ngakhale khansayo isanagonje, poopa kuti mtima ungafooke osadzabwereranso. Mlimi aliyense kuno amvetsa ndikati zili ngati kupopera mankhwala opha udzu munda wonse chimanga chili momwemo. Udzu ufa inde, koma chimanga nacho chipsa.

Tsono nzeru ya timipira ta mafuta ndi yakuti mankhwala aukaliwo atsekeredwe m'kathumba kuti asakhudze chilichonse panjira. Mafuta ake si a mpendadzuwa kapena ophikira mandasi ayi. Ndi mtundu wa mafuta umene Mulungu anamangira khungu la selo iliyonse m'thupi mwathu, umapezekanso mu yolk ya dzira ndi mu soya. Kamafuta kamtundu umenewu kali ndi mutu wokonda madzi ndi michira iwiri yothawa madzi, ndiye mukatiika tambirimbiri m'madzi timadzisanja tokha, michira kubisala mkati mitu kuyang'ana kumadzi, mpaka kupanga kampira kotsekeka kokhala ndi madzi pakati pake. Amene anachapapo ndi sopo n'kuona thovu likudzipanga lokha waona chinthu chofananako. Anayamba kuziona zimenezi ndi wasayansi wa ku England dzina lake Alec Bangham cha m'ma 1960, ndipo timipirato anadzatitcha ma liposome. Pakati pamene pali madzi paja ndi pamene amalongedzapo mankhwala.

Kuchepa kwake ndiye kumene kunabala mawu akuti nano amene anthu akuwaopawa. Tengani rula ya mwana wasukulu, onani kamzere kamodzi ka milimita. Mukagawa milimita imeneyo ka 1,000,000, gawo limodzi ndiye nanomita. Kampira kamodzi ka mankhwalawa ndi pafupifupi ma nanomita 100, kutanthauza kuti mukatindandalika 10,000 ndi pamene tikwane milimita imodzi. Basi nano ndi muyezo chabe, ngati mmene tinenera kuti kilo kapena ekala. Mulibe waya, mulibe batire, mulibe netiweki, ndi mafuta amene thupi limatha kuwagaya lokha likathana nawo.

Poyamba zinkavuta chifukwa thupi lathu lili ndi alonda ake, makamaka m'chiwindi ndi m'kapamba, amene akaona kanthu kachilendo m'magazi amakameza msangamsanga. Timipira toyambirira tinkathera m'chiwindi tisanafike kulikonse. Kenako anapeza njira yotiveka chovala cha mankhwala ena otchedwa PEG, amene amakoka madzi kuzungulira kampirako moti alonda aja sakazindikira msanga. Ndi chovala chimenechi timipira timatha kuzungulira m'magazi masiku angapo, pamene doxorubicin wamba ambiri amakhala atachoka m'magazi n'kulowa m'minofu m'kanthawi kochepa.

Nanga timipirato timadziwa bwanji kumene kuli chotupa? Ana anga m'kalasi amafunsa funso limeneli nthawi zonse, ndipo yankho lake ndi lakuti sitidziwa ayi, tilibe maso. Chimene chimachitika n'chakuti chotupa cha khansa chimakula mothamanga, ndiye mitsempha ya magazi imene chimadzipangira imakhala yomangidwa mwachangu, yobookabooka. Ganizirani sefa. Sefa yabwino imadutsitsa ufa wosalala basi, misere imatsala pamwamba, koma sefa yong'ambika misere imagwera pansi. Mitsempha ya mumtima ili ngati sefa yabwino, mankhwala wamba amadutsa ngati ufa koma kampira ka mafuta sikadutsa. Mitsempha ya m'chotupa ndiye sefa yong'ambika ija, timipira tikamazungulira tikafika pamenepo timagweramo, ndipo poti chotupa chilibenso ngalande zabwino zotulutsira zinthu, timakhazikika momwemo n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Anazifotokoza zimenezi mu 1986 ndi asayansi awiri a ku Japan, Hiroshi Maeda ndi Yasuhiro Matsumura. Ndiye taonani Kaposi, ndi khansa imene ndi mitsempha yokhayokha yothinana komanso yodontha, n'chifukwa chake madontho ake amaoneka akuda kapena ofiirira. Ngati pali khansa imene inayenerana ndi njira imeneyi ndi imeneyi.

Apa ndi pamene ndikufuna Akonzi ndi awerengi mumvetsere. Mankhwala oyamba a mtundu wa nano amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza anali doxorubicin wa m'timipira yemweyu, dzina la malonda Doxil, ku Ulaya amati Caelyx, ndipo chinali chaka cha 1995. Anagwira ntchito yaikulu powapanga ndi Alberto Gabizon ndi Yechezkel Barenholz a ku Israel. Ndipo matenda oyamba amene anawavomerezera sanali khansa ya m'mawere kapena ya m'mapapo ayi, anali Kaposi sarcoma ya anthu amene ali ndi HIV. Matenda a achimwene anga. Kumeneko ma ARV atabwera Kaposi anachepa kwambiri, mankhwalawo n'kuyamba kugwiritsidwa ntchito pa khansa zina monga ya m'thumba la mazira la amayi ndi multiple myeloma, khansa ya m'mafupa mmene mumapangidwa magazi. Koma kuno Kaposi sanachoke, ndi imodzi mwa khansa zimene zimapezeka kwambiri m'Malawi muno pamodzi ndi ya khomo la chiberekero ndi ya kummero, makamaka pakati pa abambo. Kachirombo kamene kamayambitsa, kotchedwa HHV-8, n'kofala chigawo chino cha Africa. Ndiye mankhwala anapangidwira matenda athu zaka pafupifupi 30 zapitazo, ife odwala ake tili pano, koma nthawi yonse imene ine ndinayenda ndi achimwene sindinaonepo kabotolo kake ndi kamodzi komwe. Zimenezi zimandisowetsa tulo.

Sindikufuna ndikhale ngati uja wogulitsa kabotolo pa gulupu, ndiye ndinenenso mbali inayo mosabisa. Timipira ta mafuta si chozizwitsa. Mu 2016 asayansi a ku Toronto anasonkhanitsa zofufuza zambiri za pa nyama n'kupeza kuti mwa tinthu ta nano tonse tobayidwa, timene timafikadi m'chotupa nthawi zambiri sitikwana ngakhale 1 pa 100 aliwonse, tambiri timatherabe m'chiwindi ndi m'kapamba. Komanso si chotupa chilichonse chimene sefa yake ndi yong'ambika mofanana. Phindu lalikulu limene laoneka mwa anthu si lakuti mankhwalawo akhala amphamvu kuposa kale, koma kuti thupi limavutika pang'ono, mtima umatetezeka kwambiri, kusanza ndi kuthothoka tsitsi kumachepa. Alinso ndi zovuta zakezake, ena zikhatho ndi mapazi zimafiira, kutentha mpaka kusupuka, ena zilonda m'kamwa, asilikali a m'magazi amatsikabe, ndipo ena thupi limadzidzimuka dripi ikangoyamba moti nesi ayenera kukhala pafupi. Pa Kaposi, atawayerekeza ndi paclitaxel anapeza kuti mphamvu zake zikufanana koma a m'timipirawa anthu amawapirira bwino. Ndiye ine sindikunena kuti titaye paclitaxel, ayi, paclitaxel ndi amene anapulumutsa achimwene, ndipo kafukufuku wamkulu amene Malawi analowa nawo, zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anaonetsa kuti paclitaxel amaposa bleomycin ndi vincristine. Chimene ndikunena n'chakuti dokotala akhale ndi posankha. Munthu amene manja ali kale dzanzi, kapena amene paclitaxel wamukana, asamangouzidwa kuti palibenso china.

Wina anena kuti zimenezi n'zapamwamba, Malawi sangazithe. Koma tinazitha kale ife. Pali matenda oumitsa khosi aja amene amagwira anthu a chitetezo chotsika, madokotala amangoti crypto, amene apha abale athu ambiri. Mankhwala ake akale, amphotericin B, ankaperekedwa pa dripi masiku 7 kapena kuposa ndipo ankawononga impso ndi kuchepetsa magazi. Mankhwala omwewo atawaika m'timipira ta mafuta amatchedwa AmBisome. Kafukufuku wotchedwa AMBITION anachitika m'maiko asanu, Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, kuno kwathu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo anaonetsa kuti dripi imodzi yokha ya mlingo waukulu, kuphatikiza mapiritsi a masabata awiri, imagwira ntchito mofanana ndi njira yakale ija koma zovuta zake n'zochepa. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake kutsatira zimenezo. Odwala Achimalawi, manesi Achimalawi ndi madokotala athu omwe ndi amene anathandiza kuphunzitsa dziko lonse. Ngakhale katemera wa Pfizer amene ena analandira nthawi ya Covid, uthenga wake wa mRNA unanyamulidwa ndi timipira ta mafuta tapachibale ndi timeneti. Ndiye ngati manesi athu akutha kusakaniza ndi kupereka AmBisome, angalephere bwanji doxorubicin wa m'timipira? Chofunika ndi firiji yosunga pakati pa madigiri 2 ndi 8, osaumitsa, kusakaniza ndi madzi a shuga a dripi aja osati amchere, ndi kupereka kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Katemera wa ana timamusunga m'firiji mpaka ku ma health centre akumidzi, ndiye nzeru yosunga zozizira ilipo kale.

Chatsala ndi ndalama, ndipo apa sindinama, mankhwalawa ndi odula kuposa doxorubicin wamba, chifukwa kupanga timipira tofanana kukula, tosatayikira, si ntchito yamasewera. Mu 2011 fakitale imodzi ya ku Ohio imene inkapanga Doxil itakumana ndi mavuto, dziko lonse linasowa mankhwalawa, ngakhale ku America komweko. Koma kusowa kumeneko kunatsegula khomo, kampani ya ku India ya Sun Pharma inaloledwa kugulitsa ake, ndipo lero makampani angapo akupanga. Ife tikudziwa bwino zimene zinachitika ndi ma ARV, ankatengedwa ngati a anthu olemera okha, a ku India atayamba kupanga mtengo unagwa, boma linayamba kugawa ulere mu 2004, lero agogo akumudzi akulandira pa health centre. Komanso mu 2023 WHO inaika doxorubicin wa m'timipirayu pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, ndipo inatchula Kaposi sarcoma. Mndandanda umenewo ndi umene maiko amayang'ana posankha zogula.

Pempho langa tsono lipite ku Unduna wa Zaumoyo, ku Central Medical Stores Trust amene amagulira zipatala za boma mankhwala, ndi kwa aphungu athu a Ntcheu ndi Dedza amene amakhala mu Nyumba ya Malamulo pokambirana bajeti. Taunikani ngati mankhwalawa angalowe pa mndandanda wathu wa dziko, ngakhale poyambira akhale a odwala ochepa amene njira zina zawakanika. Gwirizanani ndi maiko oyandikana nawo amene ali ndi vuto lomweli, Mozambique ili apa pongodumpha msewu pa Lizulu, Zambia ili apo, mukagula pamodzi wogulitsa amatsitsa, zimenezo ngakhale amayi ogula kachewere pamsika pano amazidziwa. Chipatala cha khansa chamangidwa ku Lilongwe pa Kamuzu Central, chinthu chabwino zedi chimene tinachidikira zaka zambiri anthu akutumizidwa kunja, koma nyumba yokha sichiza, m'mashelefu mwake mukhale zosankha. A PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, nawonso akhale maso, chifukwa mankhwala amtundu uwu akapangidwa mwachinyengo timipira timaphulika msanga ndiye wodwala amalandira ukali wonse uja akuganiza kuti watetezeka. Ndipo ana athu ophunzira za mankhwala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS aphunzitsidwe zimenezi mozama, ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha za khungu la selo pa bolodi ndi choko, mitu yawo ndi yakuthwa.

Kwa anzanga a pa gulupu ndi onse akumudzi, chonde kabotolo ka mafuta akumwa kaja musagule. Mankhwala enieni amene ndafotokozawa samwedwa ndi supuni, sagulitsidwa pa foni, amaperekedwa pa dripi m'chipatala dokotala atayeza magazi ndi mtima. Ndalama imeneyo isungeni ikhale ya thiransipoti. Mukaona madontho akuda kuphazi, pamwendo, kapena m'kamwa kumwamba uku, kapena mwendo ukutupa n'kumauma, pitani kuchipatala sabata yomweyo mukayezetse ndi magazi omwe, chifukwa Kaposi akapezeka msanga nthawi zina ma ARV okha amamubweza popanda kemo. Ife tinataya miyezi yambiri kotemera, ndipo ndi miyezi imeneyo imene inachititsa kuti achimwene afunike kemo wambiri chonchija.

Achimwene alipo, tithokoze Mulungu, madontho anazilala ndipo mwendo unaphwa ngakhale sunabwerere mwakale. Kumunda amapita koma khasu saligwira nthawi yaitali, limapulumuka m'manja, ndiye amangoyang'anira ana akamakumba kachewere, ndipo m'nyengo yozizira ino ya Juni mapazi amawasautsa usiku wonse, alamu amawawothetsa ndi nsalu yofunda. Nditawawerengera kalatayi ndisanatumize anangoti lembanso kuti pa benchi paja tinasiyapo anthu ambiri.

Akonzi, tumizani mtolankhani wanu akafunse ku Unduna funso limodzi ili, kuti doxorubicin wa m'timipira ta mafuta, amene WHO inamuika pa mndandanda mu 2023, alowa liti m'zipatala za boma ndipo botolo limodzi angaligule pa mtengo wanji. Yankho lake mulisindikize m'Chichewa, ndidzawawerengere achimwene.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Lizulu, Ntcheu